Sefuliya ya Abiti Saidi

Joyisi, Limbani ndi iwe Tamanda, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake anthu amabwera ndi milandu yawo pakhomo pano pamene ine si mfumu, si m'busa, ndipo sukulu ndinalekera Sitandade 8. Za ubwana wanga ku Ntcheu mukuzidziwa, sindibwerezanso. Ndiyambira pamene boma linandilemba ntchito ya ulangizi wa amayi, chifukwa kuyanjanitsa anthu ndinakuphunzirira kumeneko, ndipo amene anavutika kuti ine ndiphunzire anali munthu wina.

Chaka choyamba, Joyisi ali kumbuyo

Nditamaliza miyezi ingapo ya maphunziro ananditumiza ku Mangochi. Bambo anu anatsala ku Balaka ku ntchito yawo ya njanji, ndipo ine ndinafika pa boma ndi mwana wa miyezi isanu ndi sutikesi yamalata. Bwana wanga anali Mayi Kachingwe, munthu wamtali wosakonda kuseka, koma wosazunza. Anandipatsa njinga, sizasi imodzi ndi kabokosi ka singano, nandiuza kuti ndikakhala kumudzi wina wa asodzi kufupi ndi Nkhudzi. Dzina la mudziwo sindilemba, alipo anthu amene akadali moyo. Pondiperekeza pakhomo la ofesi anati, "Inu ntchito yanu ndi singano, phala la ana ndi zimbudzi. Zina zonse mukaziona, maso okha."

Kumudziko zinthu zinkasowa. Ulusi ukatha tinkasula wa m'matumba a feteleza. Sopo ankatha miyezi osaoneka m'golosale, ndipo tayala la njinga litaphulika ndinalidzaza udzu n'kumayendabe. Chiyao sindinkachidziwa, amayi akamandipatsa moni ndinkangogwada n'kumwetulira ngati wosamva. Mlungu woyamba ku kalasi yanga kunabwera amayi atatu.

Amene anandidzazira kalasiyo anali amayi awiri oyandikana nyumba. Woyamba anali Abiti Saidi, Msilamu, wogulitsa usipa wouma, wa pakamwa posatseka. Ankanditchula kuti Mngoni wodya mbewa, ndipo akandipeza ndikudya ankasuzumira m'mbale kuti aone ngati muli michira. Wachiwiri anali Agnesi, wa Chiangilikani, wochokera ku Malindi, mkazi wa Bambo Matiyasi amene ankakhoma ndi kukonza maboti a matabwa. Nyumba zawo zinkalekanitsidwa ndi mpanda umodzi wa bango, woboola pakati pomwe ana ankadutsira. Abiti Saidi ankakoka amayi a kumzikiti, Agnesi a kutchalitchi, mpaka pansi pa mtengo wa mango pomwe tinkaphunzirira panayamba kuchepa.

Inu mwakulira m'nthawi yoyankhula, choncho ndifotokoze pang'ono. Chipani chinali chimodzi. Popanda khadi lake sunkalowa mumsika, ndipo mudzi uliwonse unali ndi tcheyamani wake. Wathu anali Che Bwanali, mwini golosale. Munthu akamunenera kuti akudana ndi boma, panalibe bwalo, panalibe mboni, ankangobwera kudzamutenga. Anthu ochokera kutsidya la ku Malindi ankakayikiridwa kwambiri kuyambira pa mavuto a ndale a zaka zam'mbuyomo. Mkulu wake wa Bambo Matiyasi anali mmodzi wa amene anathawira kunja nthawi imeneyo, ndipo analembapo kalata imodzi yofunsa za umoyo wa mayi awo, imene inabwera m'manja mwa asodzi. Matiyasi anaisomeka m'denga. Agnesi anauza Abiti Saidi yekha, monga mmene munthu amauzira mchemwali wake, kenaka anadzandiuzanso ine.

Chaka chachiwiri, nyengo ya mwera

Mlongo wake wa Matiyasi ankakwatiwa ndi mnyamata wa kumtunda kwathu kuja, ndipo ukwati unachitikira pakhomo pa Agnesi. Abiti Saidi anali ndi sefuliya yaikulu imene bambo ake anabwera nayo kuchokera ku Joni, yolowa mpunga wa anthu a mudzi wonse. Ankaphikiramo pa sadaka, chakudya chimene Asilamu amakonza pokumbukira womwalira. Sankabwereketsa wamba, koma Agnesi anamupatsa osaganiza kawiri, ngakhale iye mwini sanapite ku ukwatiwo poti mayi ake anali atangomwalira kumene.

Kutacha, Agnesi anandipeza ndikuchapa matewera. Anati achibale a mkamwini anabwera ndi nkhumba yophapha kale m'thumba, ndipo pamene iye anali kutchalitchi anaiphika m'sefuliya ija kuseri kwa nyumba. Iye anadziwa zonse zitatha. Anati akupita pompano kukamuuza mnzakeyo, wangodzera kwa ine kuti ndimuperekeze.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikufuna muwerenge bwino. Ine ku maphunziro anatiphunzitsa za majeremusi. Kwa ine chiwiya chikawiritsidwa chayera, basi. Ndinamuuza kuti, "Achemwali, munthu ali pa maliro a mayi ake, mukufuna mumuwonjezere chisoni chifukwa cha mphika? Mukweche ndi phulusa, muwiritsemo madzi a soda, mubweze. Chimene munthu sakuchidziwa sichimupweteka." Agnesi anakayika. Anati iye wakulira pakati pa Asilamu, nkhumba kwa iwo si nkhani ya fungo kapena mafuta. Ndinamuseka, ndinamukumbutsa kuti mlangizi ndine. Tinaikwecha limodzi mpaka inawala ngati yatsopano.

Patapita milungu itatu Abiti Saidi anachita sadaka ya masiku makumi anayi ya mayi ake. Mpunga unaphikidwa m'sefuliya yomweyo. Anadya a shehe, anadya akuluakulu onse a mzikiti, ndinadya nawo ine. Agnesi anathandiza kutunga madzi tsiku lonse koma sanayang'ane munthu kumaso. Mlungu wotsatira, mayi wina amene anathandiza kuphika pa ukwati anayankhula kuchigayo, akuyamikira kukoma kwa nyama ija, ndipo dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva.

Mwezi wotsatirawo ndi theka

Choboola cha pampanda chinatsekedwa ndi minga. Mwamuna wa Abiti Saidi anakachotsa boti lake pamalo a Matiyasi lisanathe kukonzedwa, ndipo asodzi ena achisilamu anatsatira. Ku kalasi yanga amayi a kumzikiti anasiya kubwera, a kutchalitchi nawo anayamba kunena kuti anthu awa amatiyesa agalu. Kumjigo kunakhala mizere iwiri ya ndowa.

Palibe anandituma, koma ndinayamba kuyenda pakati pa nyumba ziwirizo, Joyisi ali kumsana, Limbani ali m'mimba. Sindinkadziwa kuti zimene ndikuchita zili ndi dzina. Ndinangoona kuti anthu okwiya ukawakhazika pamphasa imodzi tsiku loyamba amaonjezera zilonda, choncho ndinkapita kwa mmodzi, ndikhale, ndithandize kusankha usipa kapena kutongola chimanga, iye ayankhule mpaka atope. Pa mawu khumi amene wanena ndinkanyamula amodzi ofewa kupita nawo kwa mnzake, enawo ndinkawataya panjira. Ndinapitanso kwa a shehe, nkhalamba yosoka makoka, ndinagwada chapatali n'kufunsa ngati sefuliya yotero amaitaya. Anati ayi. Chiwiya chimene chakhudza nkhumba ndi najisi, kutanthauza chodetsedwa, koma chimayera chikatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi madzi osakaniza dothi. Anatinso amene anadya osadziwa alibe tchimo, ndipo sadaka Mulungu anailandira molingana ndi mtima wa woperekayo.

Ndinathamanga nawo mawu amenewo kwa Abiti Saidi ndikuganiza kuti nkhani yatha. Anandimvetsera osasiya kutembenuza usipa pathandala. Kenaka anati, "Amake Joyisi, zotsuka kasanu ndi kawiri ndinazidziwa ndisanamere mabere. Akanandiuza m'mawa womwewo ndikanatukwana, ndikanatsuka, lero tikudyera limodzi. Koma anatunga madzi pa sadaka ya mayi anga akudziwa. Anandiyang'ana ndikupakulira a shehe. Munthu wotero mumtima mwake muli chiyani?"

Yankho linali pakamwa panga. Ndikanati, mumtima mwake munali kubwera kwa inu, amene anamubweza ndine. Sindinanene. Ndinadziuza kuti ndidikire mitima izizire kaye. Anthu amandiyamikira kuleza mtima, nanunso mumatero, koma kuleza kwa masiku amenewo kunali mantha ovala chitenje. Ndinkadziwa kuti amayi achisilamu akamva kuti mlangizi wa boma ndiye anabisa nkhumba, kalasi yatha, Mayi Kachingwe andichotsa, ndibwerera ku Ntcheu ndi mimba. Agnesi sananditchule kwa aliyense. Ndikapita kwake ankandiyalira mphasa, n'kundifunsa kuti mnzakeyo wati chiyani lero, n'kumandiyang'ana nthawi yaitali. Ankadikira kuti ndinene ndekha. Ndinayenda choncho milungu isanu ndi umodzi, kunyamula mawu a eni ake, anga nditawakhalira.

Che Bwanali anandiitanapo kugolosale kwake. Amayi ankayenera kuphunzira limodzi magule okavina ku msonkhano wa chipani pa boma, ndipo tsopano theka silinkabwera. Anandifunsa kuti akuswa umodzi m'mudzi muno ndani. Ndinati ndi tinkhani ta amayi, titha posachedwa. Anati zithe msanga, iye asanafunsidwe ndi akumwamba.

Zinathera kumjigo, m'mawa wina Lachiwiri. Ndowa ya Agnesi inagunda ya Abiti Saidi, ndipo Abiti Saidi anakhuthula madzi ake onse pansi n'kuyamba kuitsuka ndi mchenga pamaso pa anthu. Agnesi, amene anali atapirira masiku onsewo, anafunsa kuti kodi adzamuyesa nyansi mpaka liti, nanga pamene ankadya mchere wake zaka zonsezi sunali wa Mkhristu? Abiti Saidi anaweramuka n'kunena kuti, "Inu kubisa ndi khalidwe lanu. Nkhumba mubisa m'mphika, makalata a othawa mubisa m'denga."

Mjigo unasiya kulira. Mkazi wa Che Bwanali anali wachitatu pamzere. Ndinaona Abiti Saidi akugwira pakamwa pake, koma mawu anali atapita. Agnesi anasiya ndowa pomwepo, anathamanga kukaitentha kalatayo. Sizinathandize kanthu. Lachisanu dzuwa litakwera inabwera landirova ndi amuna anayi, awiri a malaya ofiira a achinyamata a chipani. Anampeza Matiyasi akumata phula pansi pa boti, wopanda malaya. Anapempha kuti akavale, anamukaniza. Anthu onse amene anali pagombe anayang'ana kumadzi ngati kuli china chake choti aone. Anasasula denga lonse, sanapeze kanthu, koma munthuyo anapita naye.

Mlungu umene unatsatira

Nthawi imeneyo banja la wotengedwa linkakhala ngati la akhate. Moni sankapatsidwa, maliro awo anthu ankaopa kupitako. Che Bwanali ankafuna Agnesi ndi ana ake anayi achoke m'mudzi, ndipo kuti zioneke zolongosoka ankafuna kalata ya munthu wa boma yonena kuti mayiyu ndiye anasokoneza gulu la amayi ndi kunyoza chipembedzo cha anzake. Munthu wa boma m'mudzimo ndinali ine. Ndinapalasa njinga mpaka pa boma kukafunsa nzeru. Mayi Kachingwe anatseka chitseko, nati ndilembe mizere itatu yokha imene Che Bwanali akufuna, mwamunayo wapita kale ndipo sindingamubweze, mkaziyo ali ndi abale ku Malindi. Anati, "Muli ndi mwana kumbuyo, wina kutsogolo. Ndinakuuzani kuti maso okha."

Pobwerera ndinatsika panjinga pafupi ndi Makokola, ndinakhala pamwala, Joyisi akuyamwa. Ku Malindi Agnesi analibe munda, ndipo mkazi wa wandende wothamangitsidwa ndi kalata ya boma palibe mfumu ikanamulandira. Ndinang'amba pepala m'buku la maphunziro osoka n'kulemba zonse monga zinachitikira, kuti mayiyu ankafuna kuulula m'mawa womwewo, kuti amene anamuletsa ndine, kuti sefuliya tinaikwecha awiri.

Che Bwanali anaitanitsa amayi onse pansi pa mango kuti ndiwerenge, poganiza kuti ndalemba zimene anandiuza. Ndinawerenga nditaimirira. Nditamaliza, Abiti Saidi anadzuka, anabwera pafupi mpaka ndinamva fungo la usipa pa nsalu yake, nati chapansipansi, "Masiku onse aja mumakhala pamphasa yanga, mumadya nsomba zanga, muli nazo m'mimba?" Ndinati inde. Anati, "Wallahi, pali Mulungu, mukanakhala kuti mulibe pakati." Sanamalize. Anatembenuka n'kupita pomwe Agnesi anakhala yekha kumapeto, anakhala pansi pambali pake, onse awiri n'kuyamba kulira ngati pamaliro.

Masana omwewo a shehe anabwera ndi mkulu wa mpingo wa Agnesi, pamodzi ndi ankhoswe a mabanja awiriwo. Aliyense ananena mbali yake, wina osamudula. Agnesi anapepesa chifukwa chomvera ine, Abiti Saidi anapepesa chifukwa cha pakamwa pake, ngakhale aliyense ankadziwa kuti kupepesa kumeneko sikutsegula ndende. Sefuliya anaitsuka awiriwo monga mwa lamulo lake, a shehe akuwerenga. Kenaka Abiti Saidi anauza Che Bwanali pamaso pa anthu kuti za makalata zija ananama chifukwa cha mkwiyo, ndipo ngati Agnesi achoka iyenso asamuka ndi makoka a mwamuna wake, aone amene azidzagula m'golosalemo. Agnesi anatsala. Nkhani imene ndinaiyendera milungu isanu ndi umodzi inatha dzuwa lisanafike pamutu pa phiri.

Ine Che Bwanali anandilembera kalata yake yondinenera ku boma. Mayi Kachingwe sanandichotse ntchito, ananena kwa akuluakulu kuti ndine mwana, koma anandisamutsira ku Namwera, kumudzi kopanda msewu, kumene Limbani anabadwira panjira yopita kuchipatala. Tsiku lonyamuka Abiti Saidi sanabwere kudzatsanzika. Anatumiza kathumba ka usipa, opanda mawu.

Zaka za ku Namwera ndi kwina

Kuchokera apo kulikonse kumene ndinagwira, ku Namwera, ku Malindi, pomaliza pa boma pomwe, ndinkaopa mkangano kuposa kolera. Malire a dimba, mbuzi yodya chinangwa, akazi a mitala, zonse ndinkazithamangira zisanafike kwa tcheyamani, chifukwa ndinali nditaona kuti nkhani ikalowa m'khutu la chipani imatuluka itasanduka ina. Ndinkapita kwa mmodzimmodzi monga kale, koma osapitirira masiku atatu ndisanawakhazike pamodzi ndi ankhoswe awo. Ndinkafunsa kaye eni mwambo, a shehe kapena akulu a mpingo, ndisanatsegule buku langa. Ndipo ndisanalowe pakati pa anthu ndinkayamba ndanena ngati ndili ndi mbali, kapena ngati pali chimene ndikudziwa. Mabwana ena ankandidzudzula kuti si ntchito yanga. Mmodzi anandilanda njinga miyezi itatu, ndinayenda pansi. Makhoti alipo ndipo ali ndi ntchito yake, koma woweruza sakhala nanu mpanda umodzi mawa lake. Mukakangana ndi mnansi, pezani munthu woti akukhazikeni pansi sabata isanathe.

Chaka chobadwa Tamanda

Patatha zaka zinayi ndi miyezi ndinakumana ndi Agnesi pachipatala cha pa boma, ndikukayezetsa Tamanda sikelo. Anati Matiyasi anamutulutsa mwezi wathawo, anangomusiya pamsewu. Anatinso zaka zonsezo ana ake anakula ndi nsomba zodutsa pa choboola cha mpanda. Anandipempha kuti ndikamuone. Ndinapita Loweruka.

Ndinampeza atakhala pakhonde, miyendo yotupa ataiika pachigoba cha boti. Mano akutsogolo analibe, ndipo manja ankanjenjemera moti kasemasema sakanathanso kumugwira. Anandizindikira, anafunsa za Joyisi. Abiti Saidi anabwera ndi tiyi, anandipatsa moni wamba, nakhala pafupi ndi Agnesi. Tinakamba za mvula, za usipa kuti wachepa. Kenaka Matiyasi anati kundendeko palibe anamuuza mlandu wake. Anamumenya masiku oyamba akufunsa za mkulu wake, kenaka anamuiwala. Atabwerako anafunsa mkazi wake, mkaziyo amangolira, anafunsa anansi, akuti zinapita. Anati, "Inu alangizi ndinu ophunzira, munali pano. Anandinenera ndani, ndipo ndinamulakwira chiyani?"

Amayi awiriwo anayang'ana pansi. Ndinaika kapu pambali n'kumuuza zonse, kuyambira m'mawa umene Agnesi anandipeza ndikuchapa matewera, mpaka kumjigo. Dzina langa ndinalitchula poyamba, la Abiti Saidi pambuyo, iye ali pomwepo. Matiyasi sanandidule. Nditamaliza anasisita bondo. Kenaka anafunsa mkazi wake ngati ndi nkhumba ya pa ukwati wa mlongo wake ija. Agnesi anavomera ndi mutu.

"Ine sindinalaweko," anatero. "Ndinali ndikuperekeza abusa kudoko. Pobwera ndinapeza yatha."

Palibe anaseka. Anapempha Agnesi kuti amuthandize kulowa m'nyumba, akuti kunja kwayamba mphepo. Anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe.